CIMENE CINALETSA OKUMBA AKALE A KU BINDURA

 Nkhani yathu ya lero icokera ku Bindura, mudzi wa migodi umene uli m'cigwa ca Mazowe, mamailosi 55 kucokera ku Harare. Ambiri a inu muli ndi agogo amene anakagwira nchito kumeneko, ndipo ena a iwo sanabwerenso kwao, anasanduka machona.

Azungu pofika m'dziko lija m'caka ca 1890 sanamtulukire okha golidi ai. Anangotsata maenje akale, ndipo kawiri-kawiri anapatsa mwini dziko bulangete kuti awalozere pamene panali dzenje. Maenjewo anakumba ndi makolo a Amashona, ndipo golidi wa m'cigawo cimeneci ndiye amene Apwitikizi ankagula pa msika wa Masapa, pafupi ndi mtsinje wa Mazowe, m'zaka za m'ma 1500. Okumbawo ankasonkha moto pathanthwe, nalithira madzi litatentha kuti ling'ambike, nalikhoma ndi mphano za citsulo ndi nyundo za mwala. Anali amisiri ndithu, odziwa kutsata mzere wa golidi ngakhale utapindika. Koma maenje ao ambiri sanapitirire mapazi 100, ngakhale golidi analipobe pansi pace. Nanga analekeranji?

Mpweya unawabvuta, inde, pakuti utsi wa moto suturuka msanga m'dzenje lopapatiza. Koma mdani wamkuru anali madzi, ndipo apa tiyeni tiwerenge pamodzi. Ndowa ya magaloni 4 isunga madzi olemera mapaundi 40. Kuikweza mapazi 100 ndiyo nchito ya 40 kucurukitsa ndi 100, ndiye 4,000. Munthu wamphamvu wogwira tsiku lonse sangapitirize nchito yotere kamodzi pa mphindi iri yonse, angoyandikirapo. Tsono ngati madzi alowa m'dzenje ndowa 5 pa mphindi, pafunika anthu 6 kapena 7 otunga usana ndi usiku, pasanakumbidwe mwala ndi umodzi womwe. Dzenje likatsika kawiri, nchito ikulanso kawiri, ndi madzi omwe acuruka. Pamenepo golidi wotsalayo sangathenso kudyetsa anthu omturutsa.

Musayese kuti bvuto limeneli linali la kuno kokha. Migodi ya ku Ulaya inamira cimodzi-modzi, ndipo kumeneko anazunguza akavalo ambiri-mbiri pa magudumu otungira madzi, osakwanitsa. Cimene cinasintha ndi cakuti anthu ena anayamba kuyesa ndi kuwerenga zinthu zimene tonse tiziona masiku onse. Galileo wa ku Italy anagubuduza mipira pa thabwa lopendekeka, nayesa nthawi yace, ndipo m'buku lace la 1638 anasonyeza kuti cinthu cakugwa cionjeza liwiro mofanana pa sekondi iri yonse. Mwala ugwa mapazi 16 m'sekondi yoyamba. Pa masekondi 2 wagwa mapazi 64, pa masekondi 3 mapazi 144. Nyundo yopulumuka m'dzanja pakamwa pa mgodi itha mapazi 400 m'masekondi 5, ndipo ifika pansi ndi liwiro la pafupi mamailosi 100 pa ora. Akapitao oletsa kuika zitsulo m'mphepete mwa dzenje sacita nkhanza.

Isaac Newton wa ku England anamanga zimenezi m'malamulo atatu m'caka ca 1687. Ine ndiganiza kuti munthu wokankha ngolo ya miyala, imene a kumgodi amati ngolovani, awadziwa onse atatu ndi mapewa ace, ngakhale sanaonepo buku. Adziwa kuti ngolo yoima ikana kunyamuka, ndi kuti ikayamba kuyenda ikananso kuima: ndilo lamulo loyamba. Adziwa kuti yodzaza ifuna mphamvu yoposa yopanda kanthu kuti ifike pa liwiro lomwelo m'nthawi yomweyo: ndilo laciwiri. Ndipo akaikankha amva iyonso irikumkankha, kotero kuti pamatope mapazi ace aterera cam'mbuyo: ndilo lacitatu. Newton anaposa munthuyo pa cinthu cimodzi cokha, ndico kuika manambala, kuti munthu athe kudziwiratu cimene cingwe cidzasenza asanacipacike.

M'caka ca 1712 Thomas Newcomen anaimika makina a nthunzi pa mgodi wa malasha pafupi ndi Dudley, ndipo nchito yace inali yomwe ija inagonjetsa okumba a ku Mazowe, kutunga madzi. James Watt anawakonza bwino mu 1769 kuti asadye malasha ambiri, ndipo pofuna kuuza ogula kuti makina ace alowa m'malo mwa akavalo angati, anati mphamvu ya kavalo mmodzi ndiyo kukweza mapaundi 33,000 phazi limodzi pa mphindi. Bwererani ku ndowa yathu: kavalo mmodzi wa Watt akweza ndowa 8 pa mphindi kucokera pa mapazi 100, ndipo makina satopa.

Makina otere ndiwo anatsegulanso cigwa ca Mazowe. Mgodi wa Kimberley Reef unayamba mu 1901, ndipo mudzi unachedwa dzina lomwelo kufikira 1913, pamene njanji inafika, nauchula Bindura. Pamwamba pa migodi ya golidi panaima cigayo ca minsi, cimene mai ali yense angacizindikire, pakuti ndi mtondo ndi munsi basi. Makina angonyamula munsi wa citsulo wolemera pafupi theka la tani, nausiya. Cimene ciphwanya mwala ndi kugwa kwace. Phokoso lace linamveka kutali usiku wonse.

Koma tisanamizane kuti makina anasenza zonse. Mapampu anacotsa madzi, koma kukhoma mabowo, kufosholo miyala ndi kukankha ngolo kunakhalabe nchito ya manja zaka zambiri, ndipo manja ambiri anali a anthu a ku Nyasaland, amene anayenda pansi masabata, kuoloka Zambezi ca ku Tete, ena mwa okha, ena potengedwa ndi cibalo. Eni migodi anadziwa kuwerenga mtengo wa malasha a makina ndi mtengo wa ufa wa anthu, napeza kuti anthu ndiwo ochipa. Pa mgodi wa Shamva, kum'mawa kwa Bindura, anchito okwana 3,500 anaika zida pansi mu September 1927, ndipo atsogoleri ao anali a ku Nyasaland. Masiku amenewo makina onse analipo, amphumphu, koma mwala sunakwere.

Tsopano tinene za cingwe, pakuti apa mpamene malamulo a Newton akhudza moyo. Amene analowapo m'cikepe ca mgodi akumbuka kuti cikayamba kutsika mimba ikwera kukhosi, ndipo cikamaima pansi maondo alemera. Pakati pa ulendo, ngakhale cikepe cithamange cotani, mumva ngati mwaima pabwalo. Thupi lanu silimva liwiro. Limva kusintha kwa liwiro. Cingwe cimvanso comweco. Cikepe cikapacikika cete, kapena cikamayenda mosasintha, cingwe cisenza kulemera kwace kokha. Woyendetsa makina akacinyamula moonjeza mapazi 3 pa sekondi iri yonse, katundu wa cingwe akula ndi limodzi la magawo khumi, cifukwa 3 ali pafupi limodzi la magawo khumi a 32, ndiwo muyeso wa kukoka kwa dziko. Koma akaimitsa mwadzidzidzi cikepe cirikutsika, katunduyo angathe kuwirikiza kawiri kapena kuposa m'kamphindi, ndipo cingwe cimene cinasenza bwino dzulo ciduka lero ndi anthu omwewo. Nci cifukwa cace woyendetsa makina okwezera sasankhidwa mwacisawawa, ndipo sayankhula ndi munthu ali pa nchito koma kumvera belu.

Cingwe ca waya cimene cionekera pa gudumu lalikuru pamwamba pa mgodi anacipanga Wilhelm Albert ku Clausthal, m'dziko la Germany, mu 1834. Kale anagwiritsa nchito zingwe za ulusi, zimene zinaola ndi cinyezi, kapena unyolo, umene unaduka osacenjeza, popeza mphete imodzi ikathyoka zonse zapita. Ubwino wa waya wopota ndi wakuti tiwaya tiduka kamodzi-kamodzi, ndipo woyang'anira ationa tisanacuruke. Komabe cingwe nacoso cilemera, ndipo m'mgodi wakuya ciyenera kudzisenza cokha cisanasenze mwala.

Ku Bindura mgodi wakuya wotere ndiwo Trojan, wa citsulo ca nickel, umene unakula m'manja mwa Bindura Nickel Corporation, kampani imene Anglo American inakhazika mu 1966. Unatsika kupitirira mapazi 3,000, ndiko kuposa maenje a makolo aja makumi atatu atalumikizana. Mu September 2023 mgodiwo unaima, makina okwezera miyala a pansi pa nthaka ataonongeka, ndipo mtengo wa nickel utagwanso, boma linaika kampaniyo m'manja mwa woyang'anira wace mu 2024. Mwala wa nickel unali usanathe pansi paja, panasowa coukweza.