Tizigawo ta DNA Tobwerezabwereza, Matenda a Ubongo ndi Mankhwala a ku Thyolo

M'zaka za m'ma 1940, Barbara McClintock, katswiri wa ku America amene ankafufuza chimene chimachititsa kuti njere za chimanga zikhale za mawangamawanga, anapeza kuti tizigawo tina ta DNA, malangizo a chibadwa osungidwa m'maselo, timachoka pamalo pake n'kukakhazikika pena. Anzake anachedwa kumvetsa, moti mphoto ya Nobel anailandira mu 1983.

Mu 1993 zinadziwika kuti matenda a Huntington, amene amapha maselo a ubongo, amayamba zilembo zitatu za DNA, CAG, zikabwerezedwa mopitirira muyezo. DNA ya munthu itawerengedwa mu 2001, kunapezeka kuti pafupifupi theka lake ndi zobwerezabwereza, ndipo mtundu umodzi wokha wa tizigawo tosuntha tija, LINE-1, umatenga magawo 17 pa 100 alionse. LINE-1 imadzichulukitsa pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa reverse transcriptase, yofanana ndi imene kachilombo ka HIV kamadalira, ndipo ngakhale thupi limaigoneka munthu akadali wamng'ono, imayamba kudzuka ukalamba ukamafika.

Boma la Thyolo likulowa m'nkhaniyi kudzera m'mankhwala. Mu 2003, bungwe la Médecins Sans Frontières limodzi ndi chipatala cha boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'dera limene Edzi inali itasesa mabanja ambiri, kuphatikizapo a anthu otchola tiyi m'maesiteti. M'piritsi la Triomune, limene odwala ankamwa m'mawa ndi madzulo, munali lamivudine, mankhwala otsekereza puloteni ija, amenenso ali m'piritsi la masiku ano.

Mu 2018, gulu la Bess Frost ku San Antonio linasonyeza pa ntchentche kuti tau, puloteni imene imaunjikana mu ubongo wa odwala Alzheimer, imadzutsa tizigawo ta DNA tosuntha tija, ndiponso kuti lamivudine amachepetsa kufa kwa maselo. Chaka chotsatira, gulu la John Sedivy ku Brown University linaona mankhwalawa akuchepetsa kutupa m'thupi la mbewa zokalamba. Umboni woti amachiza anthu sunapezeke, choncho sayenera kumwedwa pofuna kupewa kuiwala.

Komabe anthu amene amwa lamivudine kwa zaka zoposa 20, ndipo tsopano akukalamba, ali m'midzi ya ku Thyolo yozungulira Satemwa ndi Makwasa. Ofufuza akuyenera kufika kumeneko, makamaka poti m'midzi ina ya m'Malawi agogo amene asokera poiwala njira ya kwawo amawaganizirabe ufiti m'malo mowatengera kuchipatala.