Hashitagi

Hashitagi ndi liwu, kapena mawu angapo olembedwa mophatikiza, okhala ndi chizindikiro cha # kutsogolo, chija anthu amadina pomaliza kulowetsa mayunitsi mufoni. Dzinali lidachokera ku Chingerezi: "hash" ndi chizindikirocho, pomwe "tag" ndi kapepala komata pa katundu kuti adziwike. Munthu akadina hashitagi, amaona pamodzi zonse zimene anthu osadziwana alemba pa nkhani imodzi.

Adayambitsa ndi Chris Messina wa ku America mu Ogasiti 2007, pofuna kuti zokambirana za pa Twitter zisamabalalike. Zandale sankaziganizira n'komwe.

Koma si mmene zidathera. Mu Epulo 2016, m'busa Evan Mawarire wa ku Zimbabwe adajambula kanema atadzikoleka mbendera m'khosi, akudandaula za umphawi ndi katangale. Hashitagi ya kanemayo, #ThisFlag, idafala ngati moto wolusa, ndipo pa 6 Julayi anthu ambiri m'mizinda adanyanyala ntchito. Boma la Robert Mugabe lidamumanga, koma khoti lidamumasula khamu la anthu likudikira panja. Ku Nigeria, zionetsero za #EndSARS zidakakamiza boma kuthetsa gulu lankhanza la apolisi mu Okutobala 2020.

Pena mphamvu ya hashitagi imaperewera momvetsa chisoni. #BringBackOurGirls idamveka dziko lonse zigawenga za Boko Haram zitaba atsikana 276 pasukulu ya ku Chibok ku Nigeria mu 2014, ndipo ngakhale Michelle Obama, mkazi wa mtsogoleri wa America panthawiyo, adanyamula chikwangwani chake. Patapita zaka khumi, atsikana ena ambiri anali asanabwererebe kwa makolo awo.