Za Iwo Amene Anapenyetsetsa Nkhungu ndi Mbalame za Kunyanja

Pakugwa mvula yoyamba, m'miyezi ya November ndi December, munthu woima pa mcenga wa ku Senga Bay aona zambiri: inswa zituruka m'curu, agulugufe a usiku azinga nyali, ndi anamzeze ocokera ku Ulaya auluka pa dambo la Mpatsanjoka. Masiku ena kuonekanso mizati yakuda yonga utsi kutali pamadzi. Izo ndizo nkhungu.

M'caka ca 1861 David Livingstone ndi Dr. John Kirk anapita m'bwato pa gombe lino kulinga kumpoto. Kumeneko anaona mizati yotere, nayesa kuti ndi utsi wa lupsa. Koma polowa m'kati mwace anapeza tizirombo touluka tosawerengeka. Eni dziko sanazizwa konse, pakuti kuyambira kale anali kutikola, kutiphika, ndi kutiumba mitanda ya ndiwo. Lero tidziwa kuti mphutsi zace zibisala pansi pa madzi usana, nizikwera usiku kukadya. Dzina la Cilatini, Chaoborus edulis, linadza m'caka ca 1930, ndipo liu lotsirizalo litanthauza "cakudyedwa." Cotero dzina la ophunzira lomwe licitira umboni nzeru ya makolo athu.

Momwemonso ndi mbalame. Charles Belcher, woweruza milandu, anazipenyetsetsa poweruka ku nchito, nasindikiza buku la mbalame za Nyasaland m'caka comweco ca 1930. C. W. Benson, bwana wa boma, anatulutsa mndandanda wace m'caka ca 1953. Koma amene anayenda naye m'chire zaka zambiri ndiye Jali Makawa, munthu wozindikira mbalame ndi kulira kwace isanaoneke. M'caka ca 1958 anamuka naye kufikira ku zisumbu za Comoro.

Tsiku lina ndinafunsa ana a sukulu yanga maina a mbalame za pagombe. Anachula nkhwazi, kakowa ndi mphipi, nakhala cete. Koma nkhalamba yosoka ukonde inawerenga maina kufikira zala zinatha. Aphunzitsi anzanga, maina awa akaikidwa m'manda pamodzi ndi eni ace, tidzawapeza kuti? Mvula ikagwa, tumani ana kwa agogo ao ndi kabuku, alembe dzina, tsiku ndi malo.