Usiku Umodzi Tsidya la Shire

Mnzanga wina anabwera kuchokera ku Zanzibar mwezi watha, ndipo Facebook yonse inadziwa. Zithunzi zake zinali za mchenga woyera, madzi obiriwira ndi hotela yoti ukatsegula chitseko phazi lako lili kale m'nyanja. Ine wa ku Ulongwe kuno ndinangoti basi, nanenso ndikagoneko pamalo poti madzi andizungulire. Ndinasunga tindalama kwa miyezi ingapo mpaka ndinakwanitsa usiku umodzi pa loji ina ya m'mbali mwa Shire, m'nkhalango ya Liwonde.

Pamalopa si pachilumba, koma ukachokera mbali ya Balaka sufikako ndi galimoto. Umaisiya padoko n'kukwera boti. Mphindi zochepa chabe, wachoka ku Balaka walowa ku Machinga. Achinyamata ambiri sadziwa kuti maboma awiriwa anali amodzi mpaka mu 1998, pamene Balaka inaima payokha.

Madzulo ndinakhala pakhonde, mvuu zikufwenthera pafupi, mivumo itaima ndondondo tsidya lina. Ndimafuna kujambula chithunzi choti mnzanga uja apse mtima. Koma maganizo anandithawira kwina, chifukwa Zanzibar yake ija ndi mtsinje wangawu zinalumikizana kalekale, ife tisanabadwe.

M'zaka za m'ma 1800, dera lino linali njira ya malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Mafumu amphamvu achiyawo monga Mponda, Liwonde ndi Kawinga ankalamulira madoko ndi njira, ndipo ankalandira nsalu, mfuti ndi onga kuchokera kwa amalonda a kugombe. Anthu ogwidwa ankayenda pansi miyezi yathunthu kulowera kum'mawa, ambiri mpaka ku Kilwa, kenako pa zombo kupita kumsika wa ku Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873, koma kuno kumtunda malondawo anapitirirabe zaka zina zoposa 20. Asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Kawinga kuphiri la Chikala mu 1895. Ndiye tikamanena za ulendo wa ku Zanzibar, tidziwe kuti abale athu ena anafikako kale ife tisanaganize za pasipoti, ndipo sanabwerere.

Mtsinje womwewu ndi umene unalowetsa azungu. David Livingstone anadutsa m'chigwa chino mu 1859 popita kunyanja. Mu 1875 kasitima ka Ilala kanaphwasulidwa kumunsi kwa mathithi, anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu, n'kukalumikizidwanso kumtunda. Kanadutsa pamadzi omwe ndinkayang'anawa, kudzera m'nyanja ya Malombe, kukafika ku Cape Maclear ndi Robert Laws. Mabuku amatchula dzina la sitima ndi la mmishonale. A anthu osenza aja simuwapezamo.

Titalandira ufulu, Shire anapatsidwa ntchito ina. Baraji ya Kamuzu pa Liwonde inamangidwa mu 1965 kuti madzi opita ku Nkula, kumene timapangira magetsi, aziyenda mwa muyeso. Njanji yopita ku Nacala kudzera ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Kenako mu 1973 boma linakhazikitsa paki ya Liwonde, ndipo mabanja amene ankakhala m'katimo anasamukira kunja kwa malire.

Agogo anga aakazi anali m'gulu limenelo. Nditawauza za ulendo wangawu anaseka, n'kundifunsa kuti, “Iwe mwanawe, ukukalipira ndalama kuti ukagone kumene ine ndinkachapako zovala?” Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero silinapezeke.

Sindikunena kuti paki n'njoipa ayi. Pofika m'zaka za m'ma 2000 misampha inali itadzaza tchire lonse, njovu zinkatuluka kukadya m'minda ya anthu, ndipo anthu ankafa. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa mu 2015, n'kumanga mpanda wamagetsi. Mu 2016 ndi 2017 njovu mazana angapo zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2018 mikango inabwezeretsedwa. Mnyamata amene anandiwolotsa pa boti ndi wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo ntchito imeneyi ikuphunzitsa azing'ono ake. Zimenezi n'zoona, monga momwe zilili zoona kuti anthu ambiri okhala m'mbali mwa mpandawo sanalowepo m'katimo ngakhale tsiku limodzi.

Usiku ndinagona pabedi lofewa, koma tulo tinabwera mochedwa. Kunja mvuu inkadya udzu pafupi penipeni ndi tenti, moti ndinkamva kutafuna kwake.

M'mawa ndinapempha wotiperekeza kuti tiime pa mlambe wina waukulu. Agogo anandiuza kuti mudzi wawo unali pafupi ndi mlambe, koma milambe m'menemo ndi yambirimbiri, ndiye sindingalumbire kuti unali womwewo. Ndinaujambula basi. Chithunzi chimenecho sindinachiike pa Facebook, ndinapita nacho kwa agogo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi zala monga ndinawaphunzitsira, kenako anati chaka chamawa madzi akatsika ndiwatenge tikawoloke limodzi. Ndayambanso kusunga tindalama, ulendo uno ta anthu awiri.