Mumakhoza masamu? Nayi njira yolowera m'kafukufuku wa zaumoyo

Mayi akapita ndi mwana kusikelo pachipatala cha Domasi, alangizi a zaumoyo amalemba kulemera kwa mwanayo, katemera amene walandira komanso tsiku lodzabweranso. Manambala amenewa amatumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, kenako ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe. Koma kuti dziko lidziwe ngati ana akunyentchera, ngati malungo akuchepa kapena ngati mankhwala ena akuthandizadi, pamafunika munthu wodziwa kusanthula manambalawo. Maphunziro a ntchito imeneyi amatchedwa biostatistics, ndipo mutha kuwachita konkuno ku Malawi.

Kodi biostatistics ndi chiyani?

Ndi masamu a chiwerengero ogwiritsidwa ntchito poyankha mafunso a zaumoyo. Katswiri wake sapima odwala kapena kulemba mankhwala. Iye amathandiza kukonza kafukufuku asanayambe: pafunika anthu angati, asankhidwe bwanji, ndipo tiyeza chiyani. Kafukufuku akatha, amaunika ngati kusiyana kumene kwaoneka kuli kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi.

Chitsanzo ndi katemera wa tayifodi. Mu 2018, ofufuza anayamba kuyesa katemerayu ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Anawo anagawidwa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina linalandira katemera wa tayifodi, lina katemera wa matenda oumitsa khosi. Atayerekeza maguluwa, anapeza kuti katemerayu anachepetsa tayifodi ndi pafupifupi 80 peresenti. Mu 2023 boma linayamba kumupereka kwa ana m'dziko lonse. Kugawa ana mwamaere, kuwerengera kuti pafunika ana ochuluka chotere ndi kutsimikizira zotsatira, yonseyi ndi ntchito ya biostatistics.

Chimodzimodzi ndi kafukufuku wa zaumoyo wa m'mabanja amene amachita a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili ku Zomba. Kafukufukuyu ndiye anaonetsa kuti mu 1992 ana 234 mwa 1,000 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pamene mu 2015-16 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 63. Safunsa nyumba iliyonse ayi. Amasankha mabanja mwaluso kuti aimire dziko lonse.

Maphunzirowa amapezeka kuti m'dziko muno?

Kwa munthu wa ku Domasi, Malosa kapena Songani, ulendo wake ndi wa minibasi imodzi. Sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi ku Zomba, yomwe ambiri amaitchulabe kuti Chanco, imaphunzitsa digiri yachiwiri ya Master of Science in Biostatistics kudzera ku nthambi yake ya masamu. Ophunzira amayamba ndi maphunziro a m'kalasi, kenako aliyense amachita kafukufuku wakewake n'kulemba lipoti lalitali lomwe amaliteteza pamaso pa akatswiri. Digiri yotere m'dziko muno nthawi zambiri imatenga zaka ziwiri.

Ku Blantyre kuli Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba kuima payokha mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Kumeneko kuli digiri yachiwiri ya epidemiology ndi ya public health. M'maphunziro onsewa muli biostatistics, koma ngati gawo chabe.

Ndisankhe iti pa zitatuzi?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Biostatistics ndi ya munthu wokonda masamu ndi kompyuta, wofuna kuti ntchito yake ikhale kusanthula manambala. Epidemiology imafunsa kuti matenda akugwira ndani, kuti, liti komanso chifukwa chiyani. Masamu alimo koma si ozama ngati a biostatistics. Public health ndi yotambalala, ndipo imayenera anamwino, madokotala ndi ena ofuna kuyendetsa ntchito zaumoyo m'boma kapena m'mabungwe.

Musanalembe kalata yofunsira malo, dzifunseni: pakatha zaka zisanu ndikufuna ndizidzachita chiyani Lolemba m'mawa? Ngati yankho ndi kukhala pa kompyuta kufufuza chimene manambala akunena, njira yanu ndi biostatistics.

Nanga kunja kwa dziko lino?

Ku South Africa, sukulu za Stellenbosch ndi Witwatersrand ku Johannesburg zimaphunzitsa biostatistics pa digiri yachiwiri. Witwatersrand ndiyo ikutsogolera mgwirizano wa SSACAB, womwe unakhazikitsidwa kuti Africa ikhale ndi akatswiri ake a ntchitoyi m'malo modalira akunja, ndipo University of Malawi ndi imodzi mwa sukulu zomwe zinalowa mumgwirizanowu. Ku Britain, London School of Hygiene and Tropical Medicine ili ndi digiri ya medical statistics ya chaka chimodzi.

Fizi yakunja ndi yokwera kwambiri, motero ambiri amadalira thandizo. Amalawi amaloledwa kupikisana nawo pa thandizo la Commonwealth ndi la Chevening, lomwe limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Palinso la Beit Trust, lomwe limathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Makalata amatsekedwa miyezi yambiri sukulu isanatsegulidwe, choncho yambani kukonzekera kudakali chaka.

Pamafunika chiyani kuti akutengeni?

Choyamba ndi digiri yoyamba yokhala ndi masamu kapena statistics okwanira, ndipo mukhale kuti munakhoza bwino. Izi zikutanthauza kuti mphunzitsi wa masamu kusekondale amene ali ndi digiri ali ndi poyambira. Amene anatuluka ndi dipuloma yokha, monga aphunzitsi ambiri amene anadutsa pa Domasi College of Education, ayambe apeza digiri. Sukulu zimafunanso chikalata cha magiredi anu onse ndi makalata a umboni ochokera kwa amene anakuphunzitsani kapena akuluakulu akuntchito.

Chachiwiri ndi kompyuta. Ntchito yonse imachitikira m'mapulogalamu monga R, Stata ndi SAS. R ndi yaulere, ndipo mutha kuyamba kuiphunzira lero muli kunyumba. Bwerezaninso calculus, algebra ndi probability, chifukwa miyezi yoyamba imavuta kwa amene anasiya masamu kalekale.

Zofunika zenizeni, fizi ndi masiku otsekera zimasintha chaka ndi chaka, choncho tsatirani chilengezo cha sukuluyo. Ngati sukulu simukuidziwa bwino, funsani ku National Council for Higher Education ngati iyo ndi maphunziro akewo zili zovomerezeka. Musalipire munthu aliyense wolonjeza kukupezerani malo kapena thandizo la fizi.

Ntchito ikapezeka kuti?

Kupatula Unduna wa Zaumoyo, National Statistical Office ndi sukulu za ukachenjede, m'dziko muno muli mabungwe akuluakulu a kafukufuku. Ena mwa iwo ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe ndi MEIRU, yomwe inachokera ku kafukufuku wa khate amene anayamba ku Karonga mu 1979. Digiri payokha si chitsimikizo cha ntchito. Olemba ntchito amafuna kuona zimene munasanthulapo ndi manja anu, choncho sankhani mutu wa kafukufuku wokhudza vuto lenileni, monga malungo, likodzo kapena uchembere, ndipo pezani wokuyang'anirani amene akugwira kale ntchito pa vutolo.

Kumbukiraninso kuti kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoteteza ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo kusunga chinsinsi cha mayi uja wa kusikelo ndi udindo wanu monga momwe ulili wa namwino.