Kumene Mnyamata Ankadyera: Mbiri ya Ulemu ku Nkhamanga

Ife a m'mbali mwa nyanja tikamadandaula za achinyamata, timayankhula ngati vutoli layamba dzulo, tsiku limene foni inalowa m'thumba mwa mwana. Ku madrasa madandaulo ake ndi omwewo chaka ndi chaka: mnyamata sapereka moni, mtsikana amayankha mayi ake ali chiimire, wina walandira chinthu ndi dzanja lamanzere. Kholo limamukokera kwa ife nkunena kuti, "Mwalimu, mutikonzere ameneyu, alibe adabu." Kuti tione ngati mphunzitsi angathedi ntchito imeneyi payekha, tichoke kaye kunyanja, tikwere kumpoto ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi, kumene udindo wolera achinyamata unasintha manja kangapo m'zaka zoposa 200.

Nkhamanga ndi chidikha cha Atumbuka, kunsi kwa mapiri a Nyika, ndipo mfumu yake yaikulu, Chikulamayembe, imakhala ku Bolero. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amalonda a minyanga ya njovu anaoloka nyanja yathu yomwe ino kuchokera kum'mawa. Eni dziko anawatcha Balowoka, ndipo mtsogoleri wawo amakumbukiridwa ndi dzina loti Mlowoka. Mbiri ya pakamwa imati sanadze ndi nkhondo. Ankafika kwa akuluakulu a mafuko ndi nsalu, mikanda ndi makasu, nakwatira m'mabanja awo. Mwa njira yomweyi munatuluka ufumu umene Gonapamuhanya amawerengedwa kuti ndiye anauyamba, ndipo mpaka lero amamukumbukira ndi mwambo wa chaka ndi chaka ku Bolero. Mlendo wodziwa kulowa pakhomo pa eni ake anasiyira ana ake dziko.

M'midzi ya nthawi imeneyo mnyamata analibe ndagala. Ife tinazolowera jando, kumene mwambo umaperekedwa wochuluka m'masabata owerengeka, mnyamata nkutuluka atauzidwa kuti tsopano wakula. Atumbuka a ku Nkhamanga anali ndi mphala. Mnyamata akasinkhuka ankaleka kugona m'nyumba ya mayi ake nakagona ndi anzake kumphala, ndipo amuna a m'mudzi ankadyera pamodzi chakudya chochokera m'nyumba zosiyanasiyana. Apa ndi pamene panali sukulu yeniyeni, ngakhale panalibe woitcha sukulu. Wamng'ono ndiye ankatunga madzi osamba m'manja, nadikira kuti akulu ayambe. Ankaona mmene mlendo amalonjeredwa, mmene munthu amapemphera mpata woyankhula pa mlandu, mmene wolakwa amapepesera popanda kutaya ulemu wake. Akatambasula dzanja msanga m'mbale, womudzudzula sankayenera kukhala bambo ake. Aliyense wamkulu anali ndi mphamvu imeneyo. Atsikana ankagona kunthanganeni, pafupi ndi diso la agogo, ndipo wotha msinkhu ankalangizidwa ndi amayi akuluakulu pa mwambo wa uzamba. Zonsezi Atumbuka amazimanga m'mawu awiri: nkharo, ndiwo makhalidwe, ndi ntchindi, ndiwo ulemu.

Tisaikometse mphala mopitirira. Wamng'ono ankatumidwa kosalekeza, ndipo wochedwa kubwera kokaweta ankapeza ndiwo zatha. Koma chimodzi sitingakane: tsiku silinkadutsa mnyamata osakhala pansi ndi munthu wamkulu amene akumudziwa dzina ndi mbumba yake.

Cha m'ma 1855 Angoni a M'mbelwa anafika ku Ng'onga, m'chigwa cha Henga, pafupi ndi Nkhamanga. Ufumu wa Chikulamayembe unagwa. Anyamata ambiri anatengedwa nalowetsedwa m'magulu a nkhondo, kumene kumvera kunali nkhani ya moyo kapena imfa. Angoni anasiya zina zimene zinakhazikika: malowolo a ng'ombe, ulemu waukulu wa mkamwana kwa apongozi ake, ndi mawu oti sangweni, malo a pachipata cha khola pamene amuna amakhala nalangiza anyamata. Koma kumvera kophunzitsidwa ndi mkondo sikunakhalitse. Pofika cha m'ma 1880 Ahenga ndi Akamanga anali atagalukira, ambiri nathawira ku Karonga, ndipo pakati pa owatsogolera panali omwe aja Angoni anawaphunzitsa okha kugwira chishango.

Kenaka kunadza belu. M'chaka cha 1894 Robert Laws anakhazikitsa likulu la mishoni ya Livingstonia pa Khondowe, m'boma lomweli la Rumphi, pamodzi ndi sukulu yotchuka ya Overtoun Institution. Kumeneko wachinyamata ankaphunzira kusunga nthawi, ukhondo, ntchito zamanja monga ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, ndipo akulu a mpingo ankaimika aliyense wopezeka ndi mowa kapena magule oletsedwa. Makolo athu a kunyanja ambiri anakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo, ndipo tikudziwa chimene anateteza ndi chimene anataya. A ku Nkhamanga anatumiza, ndipo anakolola aphunzitsi, makalaliki ndi amisiri amene anafalikira mpaka kunja kwa dziko lino.

Komabe mwana anayamba kukhala ndi maulemu awiri osagwirizana. Kusukulu, mphunzitsi akalowa, ulemu ndi kuimirira ndi kuyankha mokweza. Kumudzi, kuima pamaso pa wamkulu amene wakhala pansi ndi chipongwe. Uyenera kunjuta kapena kugwada, nkutsitsa mawu ndi maso. Mwana wochenjera ankasintha monga amasinthira malaya. Wina ankasokonezeka, wina nkuyamba kuona atate ake osadziwa kulemba ngati otsalira. Ndiponso lamulo la pasukulu silidziwa mwana monga amamudziwira amalume ake. Nkhani yodziwika bwino ndi ya ku Kasungu cha m'ma 1915, pamene mmishonale wa Livingstonia, T. Cullen Young, anatulutsa m'mayeso mnyamata wamfupi amene anaimirira kuti aone bwino pabolodi, pomuganizira kuti akubera. Mnyamatayo anali Hastings Kamuzu Banda. Young yemweyo ndiye anadzalemba mabuku awiri a miyambo ndi mbiri ya Atumbuka a ku Nkhamanga, a 1931 ndi 1932.

Chimene chinafooketsa mphala kwambiri, mwa kuona kwathu, sichinali sukulu ayi, koma msonkho ndi ulendo. Amuna anapita kukasaka ndalama ku Southern Rhodesia, ku migodi ya kopa ndi ku Joni, ena nasanduka matchona. Pa mbale ya kumphala panatsala nkhalamba ndi ana. Nzosadabwitsa kuti ophunzira a Livingstonia omwewo ndiwo anayamba kufunafuna zakale. Saulos Nyirenda analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga, ndipo mu 1907 boma la atsamunda linalola kuti Chilongozi Gondwe akhale Chikulamayembe, ufumu nkudzukanso. Anthu odziwa Chingerezi ndi masamu anaona kuti mudzi wopanda mutu sungalere ana, ngakhale sukulu ikhale pafupi chotani.

Ufulu utabwera, boma linatenga chikoti m'manja mwake. Ana a sukulu m'dziko lonse ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Bungwe la Malawi Young Pioneers, lomwe linayamba mu 1963, linkaphunzitsa achinyamata ulimi ndi perete. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi. Amene tili m'zaka za m'ma 40 tinaona mchira wa nthawi imeneyo, ndipo achikulire ena amaikumbukira ngati nyengo imene ana anali ndi mwambo. Mayunifolomu analidi aukhondo. Koma ndi nyengo yomweyo imene mnyamata wa malaya ofiira ankaimitsa gogo pachipata cha msika nkumufunsa khadi la chipani, gogoyo nkumanjenjemera pamaso pa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wake. Kumphala zimenezo zikanakhala mlandu. Ku Nkhamanga kunaonjezekera bala lina: mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Chinenero chimene agogo ankalangira nacho mwana, chimene chinali ndi mawu onse a ntchindi, chinatsala panja pa kalasi.

Mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ophunzira m'dziko muno chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni. Unali mwayi waukulu kwa ana a osauka, athu omwe. Koma mphunzitsi wa ana opitirira 100 m'kalasi imodzi sangadziwe amene walowa osapereka moni. Mfumu ya Angoni, mmishonale, chipani ndi unduna, aliyense pa nthawi yake analandira mnyamata wa ku Nkhamanga ndi malamulo ake, ndipo palibe mwa iwo amene ankadya naye mbale imodzi madzulo.

Tikabwerera kwathu kunyanja, nkhaniyi sitiimva ngati yachilendo. Abambo amapita ku usipa dzuwa likamalowa nabwera m'mawa kudzagona. Ena ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, akutumiza ndalama za fizi pa foni. Ife ku madrasa timakhala ndi mwana maola awiri masana, atatopa kale ndi sukulu. Titha kumuphunzitsa mawu a salamu, kudya ndi dzanja lamanja, kusakweza mawu pamaso pa makolo, ndipo amaloweza msanga ndithu. Kumene akaone munthu wamkulu akuchita zimenezo tsiku ndi tsiku, ife sitingamupatse. Nchifukwa chake masiku ano kholo likatibweretsera mnyamata woti timukonze, tisanamufunse za maphunziro timayamba tafunsa kuti dzulo madzulo anadya ndi yani. Kawirikawiri amayankha ndi mayi ake, kuti bambo ake anapita ku Joni iye ali Sitandade 3, ndipo nsima yake amangomuvundikirira m'mbale kuti adye akabwera kuchokera kudoko.