Matenda a Uchi pa Mapira: Kusiyanitsa Mitundu Itatu ya Nkhungu

M'madera olima mapira, monga ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mlimi angathe kupeza ngala zikukha madzi onata, otsekemera ngati uchi, amene amakopa ntchentche. Akatswiri amatcha matendawa ergot. Amayamba ndi nkhungu ya banja la Claviceps, imene imalowa m'duwa limene silinalandire mungu ndi kumera m'malo mwa njere. Kuzizira kwa usiku mapira asanachite maluwa kumaononga mungu, motero kumatsegulira matendawa khomo.

Banja la nkhunguyi si lachilendo m'mbiri ya Mpingo. Mbale wake, Claviceps purpurea, amagwira mbewu ya rye, ndipo ankadwalitsa anthu a ku Ulaya nthenda yotchedwa moto wa Antonio Woyera. Chipani chosamala odwala otere chinayambika ku France m'chaka cha 1095. Koma pa mapira pali mitundu ina itatu.

Woyamba ndi Claviceps sorghi wa ku India, umene unapatsidwa dzinali mu 1976. Ukakhwima umasiya kanthu kolimba m'malo mwa njere, kakatali, kowawuka, kotulukira kunja kwa mankhusu.

Wachiwiri ndi Claviceps africana, umene uli kuno kwathu kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Kwa zaka zambiri anthu ankauyesa womwewo wa ku India, mpaka mu 1991 pamene Frederickson, Mantle ndi de Milliano, atafufuza mapira a ku Zimbabwe, anaonetsa kuti ndi mtundu wapawokha. Kanthu kake kolimba n'kakang'ono, kobulungira, kobisala m'mankhusu. Kunja kukakhala chinyezi, pamwamba pa uchi wake pamayera ngati pawazidwa ufa. Ufawo ndi timbewu ta nkhungu timene timauluka ndi mphepo. Mtunduwu unafika ku Brazil mu 1995, ku Australia mu 1996 ndi ku United States mu 1997.

Wachitatu ndi Claviceps sorghicola wa ku Japan, wotchulidwa mu 1999. Uchi wake ndi woderapo, ndipo kanthu kake kolimba n'kakatali, kakuda.

Maso okha sakwanira kugamula, pakuti matenda akamayamba ngala zonse zimafanana. Akatswiri amayeza kukula ndi maonekedwe a timbewu ndi makina okuzira zinthu, ndipo masiku ano amayerekezanso DNA ya nkhunguyo.

Kusiyanitsaku kuli ndi phindu. Mtundu wa ku Africa umafala msanga, komanso uli ndi poizoni wotchedwa dihydroergosine. Ku Australia kunaoneka kuti ng'ombe ndi nkhumba zodya mapira ogwidwa ndi mtunduwu zimachepetsa mkaka.

Choncho akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati akumbutse Akhristu izi: kubzala msanga ndi pa nthawi imodzi kuti mapira achite maluwa pamodzi, kuzula mapira omera okha ndi mphukira za chaka chatha, kuviika mbewu m'madzi a mchere kuti tinthu tolimba tiyandame ndi kutayidwa, kusapatsa ziweto ngala zodwala. Woona uchi pa ngala zake adziwitse mlangizi wa zaulimi mwachangu, pakuti mphepo sidziwa malire a munda, ndipo nkhokwe ya mnansi nayonso ili pachiswe.